Mfuti ya Mlenje ndi Mfuti ya Pansi pa Mtsamiro

Lero ndidafuna kuti tipitirize nkhani ya miyambi ya nthawi yokolola, koma ndayamba ndaiika pambali chifukwa pali kanthu kena kamene kandisowetsa tulo. Paja akuluakulu adati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.

Mmodzi wa adzukulu anga amakhala ku Indiana, m'dziko la America, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu. Mwezi wa Novembala wapitawu adanditumizira chithunzi pa foni. Adali atavala chovala chowala ngati lalanje lakupsa, mfuti yaitali ili m'manja, nyama yonga mbawala ili gone pamapazi pake. Anzake akuntchito ndiwo adamutenga kukasaka. Ndidasangalala, ndipo ndidamuyankha kuti luso la malume anga, amene adali mlenje wodziwika kwathu, silidalowe m'manda. Koma patangopita masabata ochepa mnyamatayu adalembera abale ake onse, a kuno kumudzi ndi a ku Johannesburg omwe, kuwauza kuti wagulanso mfuti yaing'ono ya m'manja yodzitetezera, kuti akupita ku maphunziro a kawombedwe, ndi kuti mwamuna aliyense wokonda banja lake achite chimodzimodzi. Nditamufunsa, adandiyankha mwaulemu kuti: "Agogo, musade nkhawa. Nkhani yonse yagona pa kudziwa polasa. Munthu amene walasa gwape pamtima sangalephere chigawenga."

Mawu amenewa ndiwo ndikufuna kutsutsa lero, ndipo ndiwatsutsa poyera chifukwa mwini wake adawanena kwa anthu ambiri. Ndamuuza kale kuti ndimuyankhira pano, choncho wina asaganize kuti gogo akunena mdzukulu wake miseche.

Ndiyambe ndi kuvomera zimene zili zoona. Kusaka nyama si tchimo, ndipo kasakidwe kamene mdzukulu wangayu adakaona kumeneko kali ndi mwambo woyenera kuulemekeza. Nyama imene Angerezi amaitcha deer kuno kwathu kulibe. Timangoiti gwape kapena mbawala posowa dzina lina. Nyanga zake zimakhala ndi nthambi ngati mtengo, ndipo zimagwa chaka ndi chaka n'kumeranso, pamene nyanga za mbawala, ngoma ndi mphalapala zikamera zamera. Pofika chaka cha 1900 alenje ogulitsa nyama ndi zikopa adali atazisakaza kwambiri moti za mtundu wa mchira woyera zidatsala zosapitirira 500,000 m'dziko lonselo. Ku Indiana kwenikweniko zidatheratu, ndipo boma lidachita kukatenga zina kumadera ena kuyambira m'chaka cha 1934. Lero zilipo pafupifupi 30 miliyoni. Chidazibweza ndi malamulo. Mu 1900 adakhazikitsa lamulo la Lacey loletsa kudutsitsa nyama yophedwa mosaloledwa kuchoka m'chigawo china kupita m'china. Mu 1937 lamulo la Pittman-Robertson lidalamula kuti msonkho wa mfuti zosakira ndi zipolopolo, umene ndi 11 peresenti, uzipita ku ntchito yosamalira nyama zakutchire. Mu 1949 chigawo cha New York chidayamba kukakamiza alenje atsopano kuchita maphunziro asanalandire chilolezo. Ku Indiana munthu wobadwa chitadutsa chaka cha 1986 sagula chilolezo chosakira payekha asanaphunzire, ndipo m'nyengo ya mfuti amavala chovala chowala chija kuti mlenje mnzake asamuyese nyama. Nthawi yowombera imayamba kutatsala theka la ola kuti dzuwa lituluke, n'kutha theka la ola dzuwa litalowa.

Ife tomwe tidaphunzira phunziro lomweli mochedwa. Nkhalango ya Majete ku Chikwawa idatsala pang'ono kukhala yopanda nyama mpaka mu 2003 pamene bungwe la African Parks lidagwirizana ndi boma n'kuyamba kubwezeramo zipembere, kenako njovu mu 2006 ndi mikango mu 2012. Lamulo lathu la nyama zakutchire la mu 1992, limene adalikhwimitsa mu 2017, limalola bwalo la milandu kupereka chilango chofika zaka 30 kwa wopha nyama zotetezedwa kwambiri. Tsono pa nkhani ya ulenje wotsata malamulo, ine ndi mdzukulu wanga sitikusiyana ayi.

Ine uzimba ndidauona ndi maso angawa dziko lathu lisanalandire ufulu mu 1964. Ndidali mnyamata wa zaka ngati khumi ndi ziwiri, ndipo ntchito yanga idali kugwira chingwe cha galu ndi kunyamula chibonga. Uzimba udachitika m'chilimwe, udzu utauma, ndipo sudachitike mwachisawawa. Nyakwawa ndiyo inkapereka chilolezo. Akuluakulu ankathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo wa msolo. Amuna ndi akazi awo ankadika usiku umenewo. Anthu awiri amene adali pa mkangano ankayenera kuyamba agwirizana, apo ayi mmodzi ankatsala pakhomo. Tidakali ana tinkangoti ndi zamizimu, koma nditakula ndidazindikira kuti makolo athu adadziwa kuopsa kwa munthu wa chakukhosi akagwira mkondo pakati pa utsi ndi phokoso la agalu. Anthu ankayenda mondandalika, ndipo kuponya mkondo kumbali kumene kuli anzako udali mlandu ngakhale nyama ikudutsa pomwepo. Wolasa poyamba ndiye ankakhala mwini nyama, wosomola ankalandira mwendo, mfumu nayo idali ndi gawo lake, ndipo nkhalamba ndi amasiye sadagone osalawa ndiwo.

Malume anga aja adali ndi mfuti ya gogodera, ija yothira wonga kukamwa n'kutsendera ndi kamtengo. Iwowo ndiwo adandiphunzitsa za polasa, nkhani imene mdzukulu wanga akuyesa kuti ndi yatsopano. Ankati nyama uyilase kumbuyo pang'ono kwa phewa, kumene kuli mtima ndi mapapo, ndipo uyembekeze kufikira itakupatsa nthiti. Alenje a ku America amaphunzitsa zomwezo lero. Koma mverani chifukwa chimene malume ankapereka. Nyama yolasidwa pamimba imathawira kutali, imazunzika tsiku lathunthu, nyama yake imawonongeka, ndipo mapeto ake amadya ndi afisi ndi miimba. Nguluwe kapena njati yovulala imakabisala m'tchire n'kudzavulaza mayi wotola nkhuni amene sadalakwe kanthu. Mlenje amene walasa molakwika adali ndi udindo wolondola magazi mpaka ataipeza, ngakhale agone kutchire. Kudziwa polasa kudali chifundo kwa nyama ndi chitetezo kwa mudzi. Gogodera inkalira kamodzi kokha, ndipo kuithiranso wonga kunkatenga nthawi, choncho malume ankalola nyama zambiri kudutsa osawombera. Masiku ambiri ankabwera chimanjamanja ndipo sadachite nazo manyazi. Akafika pakhomo mfuti inkakwera kutsindwi ilibe kanthu m'mimba, wonga uli kwina, ndipo mwana sankaloledwa kuikhudza ngakhale ndi chala.

Palinso mawu ena amene ana a masiku ano sawadziwa, mawu akuti chirope. Makolo athu ankakhulupirira kuti munthu amene wapha nyama yaikulu monga ntchefu, kapena amene wapha munthu mnzake ngakhale pankhondo, magazi aja amamutsata. Maso ake amafiira, mutu umasokonekera, mtima umafuna kukhetsanso magazi, pokhapokha atasambitsidwa ndi mankhwala ndi kusungidwa mwambo asanalowe m'nyumba ya mkazi wake. Wina adzaseka kuti izi ndi zikhulupiriro zachikale. Aseke, koma madokotala a masiku ano ali ndi dzina lawo la matenda a maganizo amene amagwira asilikali ndi apolisi amene adawombera anthu: kusowa tulo, kulota zoopsa, kudzidzimuka, kupsa mtima msanga, kuthawira ku mowa. Makolo athu adaona chinthu chenicheni, ndipo adachipatsa dzina ndi mwambo. Munthu wokamba za kulasa chigawenga pamtima ngati akukamba za kuthyola mango waiwala kuti, mlandu ukatha kubwalo, iye adzatsala ndi nkhope ya wakufayo moyo wake wonse.

Tsono tifike pamene nzeru ya mdzukulu wanga yaterereka. Mlenje amasaka kukuwala. Amasankha yekha tsiku ndi malo. Amakhala phee pa kansanja ka mumtengo, mfuti itatsamira bwino, nyama ikudya osadziwa kanthu. Akakayika amaileka ipite, ndipo sataya kanthu kupatula ndiwo za tsiku limenelo. Gwape sanyamula chikwanje, gwape sabwezera, ndipo kumbuyo kwa gwape kulibe chipinda chogona ana. Komabe ngakhale zinthu zili choncho, alenje akumeneko amavomereza kuti nyama ikatulukira mtima umagunda, manja amanjenjemera, ndipo ambiri amaphonya. Nanga munthu amene wadzidzimutsidwa kutulo pakati pa usiku, magetsi atazima, mkazi akukuwa, galu akuuwa, chitseko chikuphwanyidwa? Tsiku, malo ndi mtunda wasankha ndi mbala. Kufanizira ziwirizi kuli ngati kunena kuti wodziwa kusambira padziwe la ng'ombe angawoloke Shire madzi atasefukira.

Izi sindikuzitenga m'mutu mwanga. Bungwe lofufuza la RAND lidasanthula kawombedwe ka apolisi a mumzinda wa New York kuyambira mu 1998 kufika mu 2006, ndipo lidapeza kuti pamene apolisiwo ankawomberana ndi zigawenga, zipolopolo 18 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zinkalasa munthu amene ankamufunayo. Amenewa ndi anthu amene mfuti ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Funso la mphunzitsi wa masamu ndi lakuti, zipolopolo 82 zotsalazo zidapita kuti? M'nyumba zathu za njerwa imodzi ndi zitseko za matabwa opyapyala, m'makwalala a ku Ndirande kapena ku Kawale kumene khoma la mnzako lili pafupi ngati mphuno ndi mlomo, chipolopolo chophonya chimakapeza mwini wake. Mu 1983 wapolisi wina wa ku Salt Lake City, Dennis Tueller, adaonetsa kuti munthu wonyamula mpeni amene ali pa mtunda wa mamita 6 ndi theka angakufike m'sekondi imodzi ndi theka, nthawi yomwe wapolisi wophunzira amatenga kusolola mfuti ndi kuwombera. Chipinda chanu chogona n'chachikulu bwanji?

Ndipo ngakhale walasa, munthu sagwa monga amagwera m'mafilimu. Pa 11 Epulo 1986 mumzinda wa Miami apolisi a FBI adawomberana ndi achifwamba awiri oba m'mabanki. Mmodzi wa iwo, Michael Platt, adalasidwa koyambirira ndi chipolopolo chimene chidalowa m'chifuwa n'kuima pafupi ndi mtima. Bala limenelo lidali lakupha, koma iye adapitiriza kumenya nkhondo kwa mphindi zingapo, ndipo apolisi awiri, Jerry Dove ndi Benjamin Grogan, adafa pomwepo, ena asanu n'kuvulala. Malume anga sakadadabwa nazo, chifukwa ankadziwa kuti mbawala yolasidwa pamtima imathamangabe mtunda ndithu isanagwe. Kusiyana kwake n'kwakuti mbawala imathawa kukuchoka, pamene munthu wachikwanje amathamangira kwa iwe.

Koma funso loyamba la mlenje weniweni, limene limadza funso la polasa lisanabwere, ndi lakuti: chimene ndikuchiona ndi chiyani? Jeff Cooper, amene adatsegula sukulu yotchuka ya kawombedwe ku Arizona mu 1976, adasiya malamulo anayi amene aphunzitsi ambiri a mfuti amawatsata. Tanthauzo lake ndi ili: mfuti iliyonse uyitenge ngati ili ndi chipolopolo, usailoze pa chinthu chimene sukufuna kuwononga, chala chisafike pokhethemulira usanatsimikize, ndipo udziwe chimene ukuwombera ndi chimene chili kumbuyo kwake. Mwa anayiwa palibe ngakhale limodzi lonena za mtima kapena mapapo. Onse akunena za kudziletsa. Pa 11 Febuluwale 2006 Dick Cheney, amene panthawiyo adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la America ndiponso mlenje wa zaka zambiri, adawombera mnzake Harry Whittington kumaso ndi pachifuwa akusaka zinziri ku Texas, dzuwa lisanalowe. Mwamwayi mkuluyo adapulumuka. Pa 14 Febuluwale 2013 ku Pretoria, katswiri wothamanga Oscar Pistorius, munthu wozolowera mfuti, adawombera kanayi pachitseko chotseka cha chimbudzi n'kupha bwenzi lake Reeva Steenkamp. Iye adauza bwalo kuti ankayesa mbala. Mu 2015 bwalo lalikulu la apilo lidagamula kuti ndi mlandu wakupha mwadala, chifukwa kaya kuseri kwa chitsekocho kudali ndani, wowomberayo adadziwa kuti angaphe munthu.

Ndili ndi nkhani yangayanga imene sindikonda kuikamba. Ndili mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya kumudzi, bambo wina wa m'deralo ankalonda chimanga chake usiku chifukwa cha nguluwe. Adali mlenje wodziwika, wosaphonya. Usiku wina adamva tswatswa m'mphepete mwa munda, adaona mapesi akugwedezeka, n'kukhethemula. Adali mwana wa mlongo wake, amene amayi ake adamutuma kukapereka mbatata yootcha kwa malume ake. Mnyamatayo adali wa Sitandade 7 pa sukulu yanga, wanzeru pa masamu, ndipo ndine ndidagwira cholembera kufufuta dzina lake m'kaundula. Bambo uja polasa adadziwa. Chipolopolo chidafika pamene iye adafuna. Adapita kundende n'kubwerako, koma sadakhalenso munthu. Ankakhala pakhonde tsiku lonse osayankhula, ndipo akuluakulu a m'mudzimo ankangonong'onezana kuti chirope. Madzi akatayika sawoleka.

Tiyerekeze tsono kuti mbala imabwera usiku umodzi m'zaka khumi, kapena siibwera konse. Mfuti ija imakhala m'nyumba masiku ena onsewo. Imakhalamo tsiku limene bambo wabwera ataledzera, tsiku limene banja layambana chifukwa cha uthenga wa pa foni, tsiku limene ntchito yatha ngongole zili m'khosi, tsiku limene mnyamata walephera mayeso kapena wakanidwa ndi mtsikana, ndi tsiku limene kamwana ka zaka zinayi katsegula kabati. M'chaka cha 2021 anthu 48,830 adafa ndi mfuti m'dziko la America, ndipo mwa iwowa 26,328 adadziwombera okha, kutanthauza oposa theka. Mu 1993 dokotala Arthur Kellermann ndi anzake adafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti m'nyumba zosunga mfuti mpata woti munthu aphedwe m'nyumbamo udali wochuluka pafupifupi katatu, ndipo kawirikawiri wakuphayo adali wachibale kapena wodziwana naye. Okonda mfuti adatsutsa njira ya kafukufukuyu, ndipo mkanganowo ulipobe, koma chiwerengero cha odzipha chija palibe amene angachikane. Mkwiyo ndi kutaya mtima zimabwera ngati mvula ya mkuntho n'kupita. Munthu amene alibe chida chachangu amagona, m'mawa n'kukapepesa kapena kukafuna thandizo. Mfuti siyembekeza m'mawa. Malume anga, amene sadapite kusukulu, adasiyanitsa mfuti ndi wonga chifukwa adadziwa mtima wa munthu. Koma mfuti yodzitetezera, kuti igwire ntchito imene akuigulira, mwini wake amafuna ikhale pafupi ndi yodzaza, ndipo pamenepo ndi pamene pali msampha.

Ndinenekonso za katundu, chifukwa mdzukulu wanga adanditumizira mndandanda wake ndi chimwemwe: galasi loonera patali lomangirira pamfuti, kachipangizo koyeza mtunda, makamera omangirira pamitengo, zovala zamawangamawanga, mankhwala obisa fungo la munthu, ndiyeno lamba wobisira mfuti m'chiuno, tochi ya pamfuti ndi zipolopolo zapadera. Zina mwa izi n'zothandiza, ndipo galasi labwino limachepetsa nyama zovulala. Koma wogulitsa ali ndi cholinga chake. Kwa mlenje amagulitsa chiyembekezo, ndipo kwa mwini nyumba amagulitsa mantha, ndipo mantha sakhuta: ukagula mfuti imodzi adzakuuza kuti yachepa mphamvu, ukagula ina adzakuuza kuti ya mnzako ili ndi zipolopolo zambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Taonaninso chodabwitsa ichi. Chigawo chomwecho cha Indiana, chimene chimafuna kuti wachinyamata aphunzire asanawombere gwape, kuyambira pa 1 Julaye 2022 chimalola munthu wamkulu woyenerera kuyenda ndi mfuti ya m'manja popanda chilolezo ndiponso popanda maphunziro. Gwape ali ndi nyengo yake, maola ake ndi malire a chiwerengero chake. Ine monga mphunzitsi sindingayamikire dongosolo limene limasamala za gwape kuposa za munthu woyenda mumsewu.

Kuti mfuti ya mlenje ndi mfuti ya pansi pa mtsamiro ndi zinthu ziwiri, maiko ena adaonetsa kale. Pa 13 Malichi 1996 munthu wina adapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pa sukulu ya Dunblane ku Scotland pogwiritsa ntchito mfuti za m'manja zimene adali nazo movomerezeka. Mu 1997 nyumba ya malamulo idaletsa pafupifupi mfuti zonse za m'manja ku England, Scotland ndi Wales, koma alenje okhala ndi chilolezo akusakabe nyama zawo m'mapiri a Scotland mpaka lero. Ku South Africa, kumene kuli adzukulu anga ena, lamulo la mfuti la mu 2000, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2004, limafuna kuti munthu akhale wa zaka 21, apeze satifiketi yosonyeza kuti ndi woyenera, akhale ndi bokosi lachitsulo lokhoma, ndipo chilolezo cha mfuti yodzitetezera achikonzenso zaka zisanu zilizonse. Kuno kwathu lamulo la mfuti la mu 1967 limaletsa kusunga mfuti popanda chilolezo chochokera kupolisi, ndipo malamulo athu amalola munthu kudziteteza ndi mphamvu yolingana ndi choopsa chimene wakumana nacho. Kuwombera mbala imene ikuthawa ndi nkhuku kapena wailesi ndi mlandu wakupha.

Ndikumva kale mawu a ena a inu: "Aphunzitsi, tsabola wakale sawawa. Inu mukukamba za uzimba pamene ife tikukhapidwa ndi zikwanje. Apolisi amafika kutacha. Tigone pansi kuti atiphe?" Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Inenso adandiberapo, ndipo ndikudziwa ululu wa bambo amene wamangidwa manja ana ake akuona. Ndikuvomeranso kuti alipo anthu amene mfuti idawapulumutsa. Koma nkhani ya wopulumuka imamveka chifukwa mwini wake ali moyo kuti aisimbe, pamene mayi amene mwana wake adadziwombera amakhala chete ndi manyazi. Dziwaninso kuti mfuti ndi katundu amene achifwamba amamufuna kuposa wailesi yakanema, ndipo nyumba yodziwika kuti muli mfuti amabwera ataikonzekera. Mwamuna mnzako m'pachulu, umalinga utakwerapo.

Ife a kuno tidaonanso zimene mfuti zimachita zikamwazika m'midzi. Nkhondo ya ku Mozambique ya kuyambira mu 1977 kufika mu 1992 idatibweretsera abale athu othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndipo mfuti za AK-47 zidadutsa malire n'kuyamba kulira m'misewu ndi m'masitolo athu. Palibe amene adagona tulo tabwino chifukwa cha kuchuluka kwa mfutizo. Anzathuwo, amene adalawa nkhondo yeniyeni, adasankha njira ina: kuyambira mu 1995 mipingo ya kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, idayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Amisiri adadula mfutizo n'kuzilumikiza, ndipo mpando umodzi wopangidwa ndi zidutswa zake uli ku British Museum mumzinda wa London. Anthu amene adaika m'manda abale awo ambirimbiri sadanene kuti vuto lidali kusadziwa polasa.

Nanga chitetezo chichokere kuti? Makolo athu adayankha kalekale kuti mutu umodzi susenza denga. Pamudzi mayi akakuwa usiku, mwamuna amene sadatuluke ankakayankha kwa mfumu m'mawa. Mlendo sankagona pamudzi nyakwawa isakudziwa. Nzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Lero mwambo womwewo uli m'magulu a chitetezo cha m'mudzi amene amagwira ntchito ndi apolisi, m'malikhweru, m'magulu a pa foni a anthu oyandikana nyumba, m'nyali ya panja, m'chitseko cholimba ndi m'galu wodya bwino. Mbala imaopa kuwala, phokoso ndi anthu ambiri, chifukwa zimenezi siingazilande monga ingalandire mfuti m'manja mwa munthu watulo. Koma wina asandimve molakwa: khamu limene limagwira munthu n'kumutentha nalonso lawombera mapesi ogwedezeka. Wogwidwa apite kupolisi ali wamoyo.

Tsono iwe mdzukulu wanga, ndikulankhula nawe. Pitiriza kusaka ngati ukufuna. Tsata nyengo, vala chovala chako chowala, dzimangirire lamba ukakwera mumtengo chifukwa alenje ambiri akumeneko amavulala pogwa, lasa pamene malume adanena, londola magazi, ndipo nyamayo ugawireko anzako monga tinkachitira pauzimba. Ukafika pakhomo chotsa zipolopolo, tsekera mfuti m'bokosi lake, zipolopolo uike kwina, kiyi asadziwe mwana. Za mfuti yaing'onoyo, maganizo anga wawamva: ndikadakonda uigulitse kwa ogulitsa ovomerezeka. Ndiwe wamkulu ndipo uli m'dziko la malamulo ake, sindingakulande. Koma usanagonenso nayo, khala pansi ndi mkazi wako umufunse ngati iye akugona bwino kuposa kale, ndipo umvetsere yankho lake. Funsa mphunzitsi wako wa kawombedwe kuti akuphunzitse nthawi yosawombera, njira yothawira ndi banja lako, ndi zimene lamulo lidzakufunse kukacha. Akakuseka, dziwa kuti wapeza wamalonda. Ndipo chonde leka kulimbikitsa abale ako a kuno ndi a ku Joni, chifukwa ena a iwo alibe mapepala oti n'kupezera chilolezo, ndipo adzakagula mfuti yakuba imene idapha kale munthu.

Inu owerenga anga, makamaka amene mudaona uzimba m'madera ena monga ku Kasungu, ku Chipata kapena ku Angonia, ndilembereni mundiuze mmene kwanu ankagawira nyama ndi mmene ankasambitsira mlenje wopha nyama yaikulu, chifukwa miyambo imasiyana ndipo ndikufuna adzukuluwa aimve yonse. Amene simukugwirizana nane lembaninso, bola mwaulemu. Mlandu sagamula ndi mbali imodzi. Sabata yamawa, Mulungu akalola, tibwerera ku miyambi ya nthawi yokolola. Paja mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Tsalani bwino nonse.

Ndine gogo wanu,
Mphunzitsi wamkulu wopuma